Kandege ka mwana wanga kadzaza nkhungu, kodi tikataye?

FUNSO: Mlamu wanga wa ku Johannesburg anatumizira mwana wanga wa zaka 12 bokosi la kandege kolumikiza wekha, ka kampani ya Revell, Boeing 737-800, ndipo pabokosipo palembedwa 1:144. Tinakamata ndi supagulu, kenako n'kukapaka penti wa oyilo amene anatsala nditapenta chitseko. Galasi lakutsogolo layera ngati lathiridwa ufa, penti sakuuma mpaka lero tsiku lachitatu, ndipo usiku nkhungu, tizilombo touluka tochokera kunyanja tija, zinadzamatirira pamapiko ponse. Mwana sakufuna n'kukayang'ana komwe. Kodi tingokataya? Bambo wa ku Linga, Nkhotakota.

YANKHO: Musakataye bambo, chonde. Kalata yanu yandikhudza chifukwa nanenso kandege kanga koyamba ndinakaononga chimodzimodzi, pakhonde kwathu ku Senga Bay m'mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Tiyambe ndi nambala ija. Boeing 737-800 yeniyeni, mtundu umene Malawi Airlines ilinso nawo, ndi yaitali mamita 39.5. Kanuko kachepetsedwa ka 144, n'chifukwa chake kali masentimita 27 okha. Ndiye penti wokhuthala milimita imodzi pa kandegeko ali ngati phala la masentimita 14 pa ndege yeniyeni. Timizere tonse ta zitseko ndi mapiko timakwiririka, ndipo pamwamba pakauma, mkati mumakhalabe muli phwetephwete.

Pentiyo achoke. Musayerekeze kugwiritsa ntchito petulo kapena thinala wa opopera magalimoto, pulasitiki ameneyu amasungunuka. Gulani mankhwala otsukira uvuni, poperani kandegeko, kaikeni m'jumbo, mumange, kagone usiku umodzi. M'mawa kwecheni ndi mswachi wakale pamadzi ambiri, nkhunguzo zichokera limodzi. Apa pokha mwana aonerere patali, ndipo inu muvale magolovesi, chifukwa mankhwalawa amawaula khungu. Mukatero katsukeni ndi sopo wa mbale, kaume pamthunzi.

Za galasi: mpweya wa supagulu ndi umene umayeretsa pulasitiki woonekera. Lipakeni penti wakuda, ambiri olumikiza tindege ta mtundu wonyamula anthu amatero ndipo limaoneka bwino. Tsiku lina mudzamate galasi ndi guluu woyera wa akalipentala, amene akauma saoneka.

Pomwe ndikufuna mufatse ndi popenta. Mlamu wanu akatumizenso timabotolo ta penti wa tindege, wa Revell, Humbrol kapena Tamiya. Ngati ndi wosungunula ndi madzi ndi bwino kwambiri kwa mwana, sanunkha ndipo amauma msanga. Musungunuleni apyapyale ngati mkaka. Mukapaka koyamba pulasitiki azionekerabe pansi, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjezere pomwepo. Ayi ndithu, ikani burashi pansi. Penti woyera amafuna kupaka katatu kapena kanayi, uliwonse uume kaye bwinobwino. Ine ndimapaka kamodzi m'mawa ndisanapite kuntchito, kwinako mawa lake.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi adani awiri amene pepala la m'bokosi silitchula: fumbi la mwera ndi nkhungu. Nkhungu zimatsata kuwala, choncho musapente usiku pansi pa babu. Pentani m'mawa, m'nyumba, mawindo a mbali ya mphepo ali otseka, ndipo mukangomaliza vundikirani kandegeko ndi beseni loyera bwino, mutalitsamiritsa pa kabokosi ka machesi kuti mpweya uzilowa pang'ono. Langa ndi beseni lobiriwira limene mayi akunyumba anasiya kuchapira, ndipo aliyense pakhomo amadziwa kuti likavundikirika patebulo salikhudza.

Timapepala ta zilembo ndi mizere ta m'bokosimo, tomata pa kandegeko, timabwera pomalizira. Dulani kamodzikamodzi, kaviikeni m'madzi ofunda kwa masekondi 20 kapena 30, kakayamba kutsetsereka kakankhireni pamalo pake ndi burashi yonyowa, n'kukapsinja pang'ono ndi kansalu kofewa. Ngati kandege kakukhalira kumchira, lowetsani kanati kachitsulo kumphuno kudzera pomwe pali teyala lakutsogolo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: burashi agwire mwanayo, inu muzingomugwirira kandegeko. Mwana wa ku Nkhotakota amene anapindapo galimoto ya mawaya zala zake n'zophunzira kale. Muyambitseni pansi pa mapiko, pomwe dzanja likanjenjemera sipaoneka, Loweruka likubwerali m'mawa dzuwa lisanakwere.