Za anyamata a zigoba kumaso aja: dzina lawo ndi Slipknot

Achemwali, mwafunsa za kanema amene mwapeza pafoni ya mwana wanu, wa anthu asanu ndi anayi ovala zigoba zoopsa kumaso ndi maovololo ofiira, wina akumenya mgolo ndi chibonga, woimbayo akukuwa ngati wagwidwa ndi moto. Mukuti kodi amenewa ndani, akuimba chiyani, ndipo kodi si za satana. Ine ndakhala ndikuwamvera kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino, ngakhale zitalika.

Gululi ndi Slipknot, ndipo linayamba mu 1995 mumzinda wa Des Moines, chigawo cha Iowa ku America. Malowo ndi ofunika kuti muwamvetse. Iowa ndi dera la chimanga ndi nkhumba, kutali ndi Los Angeles kapena New York kumene makampani a nyimbo amasakako oimba. Mnyamata wa kumeneko akanena kuti adzakhala woimba wotchuka, anthu ankangomuyang'ana. Amene anayambitsa anali Shawn Crahan, Paul Gray woimba besi, ndi Anders Colsefni amene anali woimba woyamba. Posakhalitsa anabwera Joey Jordison, katswiri wa ng'oma, amene panthawiyo ankagwira ntchito usiku pamalo omwetsera mafuta, ndipo mapulani ambiri a gululi ankakambirana pomwepo usiku makasitomala atatha. Mu 1996 anadzijambulira okha kachimbale koyamba, makope 1,000 okha. Chaka chotsatira anatenga Corey Taylor kuchokera ku gulu lina la mumzinda momwemo, Stone Sour, ndipo mawu amene mwawamva mukanemamo ndi ake.

Tsopano za zigoba. Anayamba ndi Crahan, amene ankabwera kokonzekera nyimbo atavala nkhope ya chidole choseketsa anthu, n'chifukwa chake mpaka lero amamutchula kuti Clown. Ena anatsatira, aliyense ndi nkhope yake: Gray ya nkhumba, Jordison yoyera ya masewero a ku Japan, Craig Jones yodzaza misomali italiitali, Chris Fehn ya mphuno yaitali, Sid Wilson ija yodzitetezera ku utsi wapoizoni. Anavalanso maovololo ofanana okhala ndi timizere ta bakodi ngati katundu wa m'sitolo, ndipo aliyense anatenga nambala, kuyambira 0 mpaka 8. Iwo akhala akufotokoza kuti ankafuna kuti anthu asamaone nkhope yokongola kapena zovala zamakono koma amve nyimbo, komanso kusonyeza mmene makampani amasandutsira woimba kukhala malonda. Ine ndimawakhulupirira pamenepa, chifukwa kuimba maola awiri utavala mphira kumutu m'nyengo yotentha si chinthu chimene munthu angachite pongofuna kuoneka bwino. Pafupifupi chimbale chilichonse chatsopano amasintha zigobazo. Anthu ena amayerekeza zimenezi ndi Gule Wamkulu, koma ndikupempha tisasakanize. Gule ali ndi dambwe, chinsinsi ndi mizimu ya makolo. Awa ambiri mayina awo amadziwika, amavula zigobazo akatsika pasiteji, ndipo Taylor ndi woimba gitala Jim Root ankaimba ku Stone Sour nkhope zili poyera. Slipknot sanali oyamba kuvala zigoba ayi. Gulu la Mushroomhead la ku Cleveland linkavala kale zigoba kuyambira 1993, ndipo otsatira magulu awiriwa anakangana kwa zaka zingapo za amene anabera mnzake.

Chimene ndimafuna anthu azimva pa Slipknot ndi ng'oma. Gulu wamba la rock limakhala ndi woimba ng'oma mmodzi. Awa ali ndi atatu: mmodzi pa ng'oma zonse zija, ndi awiri m'mbali akumenya ng'oma zikuluzikulu ndi migolo yachitsulo yosungira mowa, nthawi zina ndi chibonga cha baseball. Jordison ankaponda ng'oma ziwiri zapansi ndi mapazi onse mothamanga kwambiri, kamenyedwe kamene anakatenga ku nyimbo zaukali kwambiri zotchedwa death metal, koma ankasiya mpata woti thupi ligwedezeke. Kulira kwa mgolo kuja kumadutsa pamwamba pa phokoso lonse ngati nyundo pa chitsulo. Magitala awiri, a Mick Thomson ndi Root, amamasula nsambo zake kuti zizilira pansi kwambiri, ndipo kawirikawiri sayimba ngati gitala yotsogolera, amangogunda limodzi ndi ng'oma. Pamwamba pake pali Wilson, DJ wokanda mbale ngati a hip hop, ndi wina woponya timaphokoso tojambulidwa kale. Kenako Taylor, amene m'nyimbo imodzi amatha kubangula, kulankhula mothamanga ngati rap, kenako n'kuimba mosalala moti mayi aliyense angadabwe kuti ndi munthu yemwe uja. Kusakaniza kumeneku n'kumene kumachititsa ena kuwatcha nu metal, ena alternative metal. Mukamvera kachiwiri, iwalani kukuwako ndipo tsatirani ng'oma. Mudzaona kuti muli dongosolo lalikulu.

Mbiri yawo inasintha mu 1998 pamene anasainirana ndi kampani ya Roadrunner Records n'kukajambula ku Malibu ndi Ross Robinson, amene anajambulanso gulu la Korn. Chimbale chotchedwa dzina la gululo chinatuluka mu June 1999, iwo n'kuyenda nawo ulendo wa makonsati wa Ozzfest chaka chomwecho, ndipo pofika 2000 chinali chitagulidwa makope oposa miliyoni imodzi ku America. Anthu ankayembekeza kuti chachiwiri achifewetsa kuti chiziseweredwa pawailesi. Iwo anachita zosiyana: Iowa, cha mu 2001, ndi cholemera ndi chaukali kuposa zonse, chojambulidwa pamene ena mwa iwo anali atamira m'mowa ndi mankhwala osokoneza bongo ndipo sankalankhulana bwino. Komabe chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi nambala 3 ku America. Pa chimbale cha mu 2004 anagwira ntchito ndi wojambula nyimbo wina, Rick Rubin, anaikamo magitala osagwiritsa magetsi ndi nyimbo zodekha, ndipo nyimbo ina ya m'chimbale chimenecho inawapatsa mphotho ya Grammy mu 2006. Cha mu 2008 chinafika pa nambala 1 kwawo.

Kenako kunagwa maliro. Paul Gray anapezeka atamwalira m'chipinda cha hotela ku Iowa pa 24 May 2010, ali ndi zaka 38, chifukwa cha mankhwala amphamvu opha ululu, mkazi wake ali woyembekezera. Tsiku lotsatira anzake anakhala pamaso pa atolankhani opanda zigoba, akulira. Ine tsiku limenelo ndi limene ndinawaona ngati anthu. Jordison anachoka m'gululi mu 2013, ndipo patapita nthawi anaulula kuti ankadwala matenda a msana amene anamufooketsa miyendo. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 46. Pampando wake panakhala Jay Weinberg mpaka 2023, ndipo pano pali Eloy Casagrande wa ku Brazil, wochokera ku gulu la Sepultura.

Za usatana ndiyankhe mosabisa. Amagwiritsa ntchito zithunzi zodzidzimutsa: mbuzi pachikuto cha chimbale, nambala ya 666 m'nyimbo ina, ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zinayi, imene imaimira anthu asanu ndi anayi aja. Muli kutukwana kwambiri, ndipo sindinganene kuti ndi nyimbo za mwana wa pulayimale. Koma mukawerenga mawu ake, nkhani yaikulu ndi mkwiyo, kukanidwa, kudzida ndi kulimbana ndi chizolowezi choipa. Taylor wanena poyera kuti anakula movutika, anagonapo mumsewu, anatsala pang'ono kufa ndi mankhwala ali mnyamata, mpaka agogo ake aakazi anamutenga. Gululi limatchula otsatira ake kuti mphutsi, ndipo otsatirawo amalinyadira dzinalo chifukwa ambiri amadziona ngati otayidwa. Abale athu a ku Joni mwina mukukumbukira za 2008 ku Krugersdorp, pamene mwana wasukulu atavala chigoba chofanana ndi cha gululi anapha mnzake ndi lupanga. Anthu analoza chala Slipknot, Taylor anati ndi wachisoni koma anakana kuti nyimbo zake zimalamula munthu kupha. Ine ndimaona kuti mwana ameneyo anali ndi mabala amene akuluakulu sanawaone msanga.

Ndiye achemwali, musamulande foni. Khalani naye pansi, mumufunse nyimbo imene amaikonda kwambiri ndi chifukwa chake, ndipo muwerengere limodzi mawu ake. Akakuuzani za ng'oma ndi magitala, mwina muli ndi woimba m'nyumba. Akakuuzani kuti mawuwo akunena zimene iye akumva mumtima, mufunseni zimene zikuchitika kusukulu ndi kwa anzake. Inuyo mukafuna kulawa, yambani ndi chimbale cha mu 2004 chija, osati Iowa.