Funsani Alangizi: Tigwetse mitengo ya kuseri kwa nyumba poopa moto?

FUNSO: Alangizi, ine ndimakhala ku Namwera. Nyumba yathu ili pamtunda, ndipo chakumunsi kwake kuli kankhalango komwe malemu apongozi anga anatisiyira: misuku, miombo ndi miwanga ingapo. Mu Okutobala chaka chatha anyamata osaka mbewa anayatsa tchire, moto unakwera mpaka kunyambita khola la mbuzi. Tinauzimitsa ndi nthambi zaziwisi komanso madzi a pa mjigo. Tsopano bambo a kunyumba akuti tigwetse mitengo yonse, tiotche makala, pakhale poyera. Ine mtima ukukana. Titani? Mayi wa ku Namwera, Mangochi.

YANKHO: Pepani mayi ndi zomwe munakumana nazo. Bambo mantha awo ndi omveka, koma auzeni ayambe aika nkhwangwayo pansi. Chomwe chinabweretsa moto pa khola lanu si misukuyo ayi, ndi udzu.

M'nkhalango zathu za miombo moto umayenda pansi. Umadya udzu wouma, masamba oyoyoka ndi tizitsamba, pomwe mitengo ikuluikulu, chifukwa cha khungwa lake lochindikala, nthawi zambiri imangowauka n'kuphukanso. Mthunzi wa mitengoyo ndi umene umalepheretsa udzu kukula. Mukaigwetsa lero, dzuwa lifika pansi, mvula ikagwa pamera tsekera wotalika kuposa munthu, ndipo pofika Okutobala mudzakhala mwadziunjikira nokha moto pakhomo. Ine ndinaziona chakumtunda kwa Malindi ndikugwira ntchito ya ulangizi. Bambo wina anayeretsa kaphiri konse kuseri kwa nyumba yake, akuti akuthawa moto. Patangopita dzinja limodzi, tchire lomwe linamera pa zitsapo linapsa masana dzuwa lili paliwombo, nkhokwe yake n'kupita ndi chimanga chomwe. Misozi ya mkazi wake sindinaiiwale mpaka lero.

Chofunika kwa inu ndi kupatulira, monga muchitira ndi chimanga chikathithikana paphando.

Yambirani pakhomo. Kuchokera pa khoma la nyumba, khola ndi nkhokwe, yendani mapazi akuluakulu khumi, pafupifupi mamita 10. Pamenepo pakhale posesedwa: pasakhale udzu, mapesi, mulu wa nkhuni kapena mitolo ya udzu wofolerera yotsamira khoma. Mango wapakhomo musiyeni, masamba ake aawisi sayaka msanga, koma nthambi yogwera pa denga idulidwe ndipo masamba ouma asesedwe. Nyumba zambiri za udzu sizipsa chifukwa lawi lazikhudza. Zimapsa ndi timakala ndi masamba oyaka ouluzika ndi mphepo, omwe amakatera pa tsindwi kapena pa zinyalala.

Kenako lowani m'kankhalangomo, ndipo apa ndi pamene pafunika diso. Sankhani kaye mitengo yotsala musanasankhe yodula. Misuku yobereka, miwanga ndi miombo yowongoka, yathanzi, imangeni kachingwe kuti aliyense wogwira chikwanje aidziwe. Yochotsa ndi youma, yofumbwa, yopindika ndi timitengo tothithikana pansi pa ikuluikulu, chifukwa timeneti ndi makwerero omwe moto umakwerera kuchoka pa udzu kukafika kumsonga. Pa chitsa chomwe chaphuka mphukira zambiri, siyani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani. Mitengo yotsalayo isadzireni nthambi za m'munsi mpaka pamene munthu wamkulu angadutse osawerama, mamita 2 kapena kupitirira pang'ono. Kamtengo kakang'ono musakasadze kopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake, kangafooke. Chakufupi ndi nyumba nthambi za mtengo wina zisagundane ndi za unzake. Mukamatalikira, mitengo iyandikane ndithu kuti mthunzi upitirize kupondereza udzu.

Mwanena kuti nyumba ili pamtunda. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Moto umathamanga kwambiri pokwera chitunda kusiyana ndi potsika, popeza lawi limaweramira kutsogolo n'kumawambiratu udzu womwe likukafikako. Choncho mbali ya kumunsiyo muiwonjezere, mulambule kuwirikiza kawiri kuposa mbali zina.

Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti anthu amadula bwino, koma nthambi n'kuzisiya momwemo kuti ziume. Pamenepo ndiye mwaphikira moto ndiwo. Zonse zodulidwa zituluke sabata yomweyo: zazikulu zikhale nkhuni ndi mapaso, udzu umwetedwe ukadali wabwino wofolerera, masamba apite ku dzenje la manyowa.

M'malire a kankhalangoko lambulani njira yotchinga moto, yopalidwa ndi khasu mpaka dothi kuonekera, yotambalala mamita 4 kapena 5 ngati udzu wa mbali inayo ndi wautali. Ntchito yonseyi ndi ya Meyi mpaka Julayi, mukamaliza kukolola. Musadikire Seputembala, pomwe kuno ku Mangochi dzuwa limaswa mtengo ndipo chilichonse chimakhala chili gwaa. Alangizi a nkhalango amalimbikitsanso kutentha msanga, udzu ukadali ndi chinyezi cha mu Meyi kapena Juni, kuti moto ukhale wozizira wosapha mitengo. Njirayi ndi yabwino, koma musaichite awiriwiri ndi bambo. Ikhale madzulo kopanda mphepo, osati tsiku la mwera, anansi atadziwitsidwa ndipo atafika ndi nthambi zaziwisi ndi zidebe.

Za makalazo, lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Uvuni wa makala womwewonso ndi umodzi mwa magwero a moto wolusa. Ndalama ya matumba ochepa itha mwezi usanathe, pomwe masuku mumatola chaka ndi chaka.

Musanakhudze mtengo waukulu wachilengedwe, kaonaneni ndi mlangizi wa nkhalango wa m'dera lanu kapena ofesi ya nkhalango pa boma la Mangochi. Ngati malo anu achita malire ndi nkhalango yotetezedwa, monga ya Namizimu kapena ya Mangochi yomwe bungwe losamalira nyama ndi nkhalango la African Parks likuyang'anira kuyambira 2018, kupatulira kwanu kuthere m'malire anu. Nkhani ya anyamata a mbewa aja itengereni kwa anyakwawa ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu mu Epulo kapena Meyi, tchire lisanaume, kuti mudzi ugwirizane tsiku lolambula komanso chindapusa cha woyatsa moto. Tsiku lomwe mlangizi akubwera, bambo akhalepo, ndipo kachingwe komanga mitengo yotsala kaja mukawapatse bambowo amange.