Kapulogalamu kanga kakukana 29 Febuluwale

Funso: Akulu, ndinalemba kapulogalamu ka Python kosunga masiku obwezera ngongole pagulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Ulongwe, koma ndikaonjeza chaka pa 29 Febuluwale 2024 kakungotulutsa error, ndalakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, 2025 ilibe 29 Febuluwale ndiye replace ya Python, yomwe imasintha chaka pa deti, ikusowa tsiku loti iyikepo. Chonde musathamangire kuonjeza masiku 365, mukayambira 1 Januwale 2024 mukagwera pa 31 Disembala, mlimi mwamudyera tsiku. Gwiritsani relativedelta, yoonjezera nthawi pa deti, ya mu laibulale ya Python yotchedwa dateutil, imakupatsani 28 Febuluwale. Zaka zogawika ndi 4 ndizo zimakhala ndi tsikuli, koma zothera ndi 00 zimayenera kugawikanso ndi 400, ndiye 2100 sidzakhala nalo poti siyigawika ndi 400. Koma kambiranani kaye pagulupo, ena angafune 1 Malichi.