Minga ya pa bonsai: idulidwe yonse kapena isiyidwe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene akhala akusamala kamtengo ka bougainvillea ngati bonsai (mtengo wokulitsidwa mwaung'ono mumphika) kwa zaka zitatu, ndipo chaka chino awonjezerapo ka pyracantha, chitsamba chaminga chobereka tizipatso tofiira. Akuti tsiku lililonse lodulira kapena lokulunga waya wopindira nthambi, manja awo amachokapo ali zilonda zokhazokha. Anayesa kuvala magolovesi achikopa, koma anathyola nthambi ziwiri chifukwa zala sizimamva chomwe zagwira. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndingodula minga yonse kuti ndipume? Nanga mtengowo suvutika?"

Amayi, kudula minga sikupha mtengo. Munga wokhwima ntchito yake ndi kuteteza mtengo ku nyama zodya masamba, ndipo mumphika mwanumo mulibe mbuzi yoti iwopsezedwe. Koma ine sindingakulangizeni kuti mumete yonse. Dulani imene yatsekereza njira ya waya ndi ya zala zanu, yotsalayo muisiye. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe taona kuti munga ndi chiyani, poti apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera mitengo yawo osadziwa.

Minga si yofanana. Ya rozi imamera pakhungwa chabe, mukaikankhira pambali ndi chala imangothothoka. Ya mitengo ya mtundu wa mthethe imatuluka iwiriiwiri patsinde pa tsamba. Koma ya bougainvillea, pyracantha, hawthorn (mtengo waminga wa kumayiko ozizira) ndi mandimu ndi mbali ya nthambi yeniyeni: ndi kanthambi kamene kanalimba n'kusongoka, ndipo kalumikizana ndi mtengo wa mkati. Mukauzula munga wotere ndi pulayala mumang'amba khungwa, chipsera chake chimakhala zaka. Choposa apo, pafupi ndi tsinde la munga nthawi zambiri pamakhala diso la mphukira, kanthu kakang'ono ngati kambewu ka mpiru. Diso limenelo ndiye nthambi yanu ya chaka chamawa. Ndaonapo anthu akudandaula kuti nthambi zawo zili mbulanda chamkati, masamba ali kunsonga kokha, pamene iwo omwe anapala maso onse limodzi ndi minga. Choncho tengani sizasi yakuthwa, yansonga yowonda, mudule munga pamwamba pang'ono pa tsinde lake, musiye kachitsa ka milimita imodzi kapena iwiri. Munga wodulidwa sumeranso pamalo omwewo, koma mphukira zatsopano zibwera ndi minga yake, ndiye ntchitoyi siitha.

Pa pyracantha chenjerani kwambiri. Tinthambi tina tifupitifupi tosongoka kunsonga timakhala ndi masamba, ndipo pa tinthambi totere ndi pamene maluwa ndi zipatso zofiira zija zimabwera. Mukatitenga ngati minga wamba n'kutidula patsinde, mwataya zipatso. Pamenepo ingodulani kansonga kolasako basi. Njira imeneyi ndimaikonda pa mitengo yonse yaminga: kuchotsa milimita iwiri yakunsonga. Munthu woyang'ana amaonabe munga, koma chala chikaugunda sichibooka.

Tsopano dongosolo la ntchito. Yambani ndi kudulira, waya abwere pambuyo. Nthambi iliyonse imene mwadula iponyeni mundowa nthawi yomweyo, musaisiye patebulo kapena pansi. Munga ukauma umalimba kuposa uli wauwisi, ndipo umabowola nsapato zopyapyala. Mukatha kudulira, tsatirani ndi maso njira imene waya adutse, kuchokera pathunthu mpaka kunsonga, mudule minga ya m'njiramo pamodzi ndi ya pamalo pamene dzanja ligwire. Kawirikawiri imakhala yosakwana theka la minga yonse.

Waya wa aluminiyamu ndi amene ndingakulangizeni, chifukwa ndi wofewa ndipo safuna mphamvu zambiri. Pamene pafunika mphamvu ndi pamene dzanja limaterereka n'kukagwera pamunga. Kunenepa kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nthambi, ndipo azizungulira mopendekeka, pa madigiri 45. Adutse pakati pa minga, osati pamwamba pake. Waya akapanikiza munga, mungawo umathyoka n'kung'amba khungwa, kapena wayayo amakhala m'malere osagwira nthambi, ndiye popinda nthambi imathyokera pomwepo. Dzanja limodzi ligwire nthambi pamene waya wangodutsa kumene, linalo ligwire wayayo kutali, chakumapeto kwake, n'kumamuzungulitsa. Choyenda pakati pa minga chikhale waya, zala zikhale kunja. Pofika kunsonga, malizani ndi pulayala. Ndipo muzitembenuza mphika m'malo mopisa mkono kuseri kwa mtengo. Zilonda zambiri za pamkono zimabwera pofuna kufikira nthambi yakumbuyo.

Za nthambi ziwiri zija musadziimbe mlandu kwambiri. Bougainvillea ndi pyracantha zonse zikakhwima zimathyoka mosachenjeza. Zikulungeni waya nthambi zikadali zanthete pang'ono, zitangoyamba kusintha kuchoka kobiriwira. Nthambi yokalamba ikokereni pansi ndi waya womangirira kumphika, mutaika kalabala pamene wakhudza khungwa, n'kumamangitsa pang'onopang'ono pakapita masabata. Palinso njira yosafuna waya nkomwe, imene amisiri a kumwera kwa China, a kalembedwe ka mitengo kotchedwa Lingnan, amadziwika nayo: kusiya nthambi ikule, kenako kuidula pamwamba pa diso loloza kumene mukufuna kuti ipite. Imatenga nthawi, koma pa mitengo yaminga imabereka nthambi zokhotakhota bwino kwambiri. Pochotsa waya, mudulenidule tizidutswa, musamumasule mozungulira.

Magolovesi achikopa asungireni tsiku losintha dothi ndi lonyamula mtengo. Pokulunga waya ine ndimavala golovesi yopyapyala yokutidwa ndi labala kudzanja logwira nthambi, dzanja la waya limakhala lopanda kanthu. Chimene sindisiya ndi magalasi. Munthu ukamayang'ana diso la mphukira umasendeza nkhope pafupi osazindikira, ndipo nthambi imene waipinda ikapulumuka imabwerera ndi liwiro.

Ndikhalepo pang'ono pa nkhani ya zilonda, chifukwa ndinaziona ndekha. Tsiku lina munga wa hawthorn unandilowa pamfundo ya chala chamkombaphala. Ndinauzula, ndinaona kadontho kamodzi ka magazi, ndinapitiriza ntchito. Patatha masiku atatu chala chinali chitatupa, chotentha, chosapindika. Kuchipatala anapeza kuti kansonga kanathyokera mkati, kakang'ono kosaoneka ndi maso bwinobwino. Kuyambira pamenepo ndikalasidwa ndimayang'ana munga umene wandilasawo: ngati nsonga yake palibe, ndiye kuti yatsala mwa ine. Tsukani bala ndi madzi ndi sopo nthawi yomweyo. Likakhala pamfundo, kapena likayamba kutupa, kufiira ndi kutuluka mafinya, pitani kuchipatala osadikira. Onetsetsaninso kuti katemera wa kafumbata muli naye, poti tizilombo take timakhala m'dothi ndipo timakonda mabala akuya ang'onoang'ono ngati amenewa. Palinso matenda otchedwa sporotrichosis, obwera ndi nkhungu yopezeka m'dothi, paminga ndi mu ndere za sphagnum zimene timagwiritsa ntchito pa bonsai. Amayamba ngati kachotupa kosapweteka kwenikweni pakapita masabata, kosapola, nthawi zina tinzake n'kumatuluka motsatana kukwera mkono. Mukaona zotere muwauze adokotala kuti mumagwira zomera zaminga.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti yotsalayo muisiye? Bonsai ndi mtengo waukulu woonetsedwa mwaung'ono, ndipo mtengo waminga ukaumeta umataya nkhope yake. Hawthorn nthawi yozizira, masamba atayoyoka, kukongola kwake kuli pa tinthambi tokhotakhota ndi minga yake. Mthethe wopanda minga suoneka ngati mthethe. Imene ndimachotsa popanda chisoni ndi minga italiitali ya pamphukira zamphamvu, chifukwa pa kamtengo ka masentimita 30 munga wa masentimita atatu umaulula kuti mtengowo ndi waung'ono. Ya pathunthu ndi ya m'mphanda za nthambi nayonso ichoke, kuti mphepo ndi kuwala zilowe ndiponso masamba ouma asamakodwemo.

Pa bougainvillea wanu, Amayi, mutha kuchotsa minga yambiri osataya kanthu, poti anthu amamuyang'anira maluwa ndi thunthu. Ichotseni ikadali yobiriwira ndi yofewa pamphukira zatsopano, nthawi imeneyo imaduka ngakhale ndi chikhadabo. Pa pyracantha dikirani kaye mpaka maluwa atuluke, muone tinthambi timene tabereka, kenako mudule nsonga zokha.