Chifukwa chake cotunnite ili m'gulu limodzi ndi mchere

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji akatswiri amaika mwala wotchedwa cotunnite m'gulu la mchere wa pa ndiwo, pomwe muli mtovu ngati mu galena. Funsoli ndi lomveka ndithu.

Kagawidwe ka Strunz, kamene akatswiri amatsata poika miyala m'magulu, sikayang'ana chitsulo chimene chili m'mwalamo. Kamayang'ana chimene chitsulocho chagwirana nacho. Mu galena, mwala womwe ankakumba ku Kabwe, mtovu wagwirana ndi sulfur, ndiye imapita kwa ma sulfide. Mu cotunnite mtovu wagwirana ndi chlorine, PbCl2, monga sodium amachitira mu mchere. N'chifukwa chake ili m'gulu lachitatu, la ma halide, miyala imene chitsulo chake chagwirana ndi chlorine kapena abale ake. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyi ndi yabwino, poti miyala yokhala ndi mnzake wofananayu nthawi zambiri imapangikanso mofanana.

Mwalawu ndi wosowa kwambiri. Anaufotokoza koyamba mu 1825 kuchokera paphiri la Vesuvius ku Italy, n'kuupatsa dzina la Domenico Cotugno, dokotala wa ku Naples. Kumeneko umamera m'ming'alu yotulutsa nthunzi yotentha, ngati tisingano toyera tonyezimira. Ndi wofewa, pafupifupi 2.5 pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala, koma kachidutswa kakang'ono kamalemera modabwitsa m'manja. Umapezekanso ku Laurion, ku Greece, komwe madzi a m'nyanja akhala akudya zotsalira za ng'anjo zakale zosungunulira mtovu.

Chonde, musaunyambite poti mwamva kuti ndi m'bale wa mchere. Umasungunuka pang'ono m'madzi, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.