Ogre musiyeni kaye, levulo 1 ili ndi njira zake

Achimwene, funso lanu ndalimva. Anyamata anu anayi ali pa levulo 1 mu Dungeons & Dragons, masewera a pa tebulo a madayisi aja, magoblin (tiadani tating'ono) akuwatha mosatuluka thukuta, ndiye mukuganiza zowaponyera ogre, chimphona chachibonga, Loweruka likubwerali kuti alawe mantha. Ine ndikuti ayi, ndipo tiyeni tiwerengere limodzi potsata malamulo a 2014 aja ambiri tili nawo.

Wizard (wamatsenga) wa levulo 1 amayamba ndi HP (mapointi a moyo) 6 kuwonjezerapo ya Constitution (kulimba kwa thupi), tingoti 8. Chibonga cha ogre chimachotsa HP 2d8+4 (madayisi awiri a mbali 8, kuwonjezerapo 4), nthawi zambiri cha m'ma 13. Akangomugunda kamodzi, wagwa. Dayisi yomenyera ya ogre ikagwera pa 20, madayisi amawirikiza kukhala 4d8+4, cha m'ma 22. Chotsanipo 8, patsala 14, ndipo lamulo limati chotsalacho chikafika pa HP yake yonse wafa pomwepo, popanda ma death save (mwayi woponya dayisi kuti apulumuke), cleric wochiritsa athamange bwanji. Mnyamata amene anatha madzulo onse akulemba mbiri ya munthu wake azingokhala manja lende, kuonerera anzake, asanasankhe n'chimodzi chomwe. Ogre adikire levulo 3, pa XP (mapointi okwezera levulo) 900, ndipo panthawiyo mudzam'patse magoblin awiri omuperekeza.

Magoblin anuwo ndikukayika ngati mukuwagwiritsa ntchito bwino. Ambiri timawaimika pamtetete pamodzi, ngati a njinga odikira makasitomala ku Kapata. Wizard akangoponya Sleep, matsenga ogoneka adani, 5d8 ija imagoneka atatu nthawi imodzi, popeza aliyense ali ndi HP 7 yokha. Amwazeni. Wina kuseri kwa chulu, wina m'tsekera, wina mumtengo. Ali ndi mauta, ndipo luso lawo la Nimble Escape limawalola kulasa n'kubisalanso pa turn yomweyo. Fighter wanu azithamangira uku muvi ukuchokera uko. Awiri akafa, otsalawo athawe kukaitana anzawo. Goblin nayenso moyo amaufuna.

Koma chimene chimakometsa levulo 1 kwambiri ndi ndewu imene cholinga chake si kupha. Tengani ya kwathu kuno. Amene muli ndi abale ku Mfuwe mukudziwa zimene njovu zimachita m'minda ndi m'nkhokwe usiku, ndi mmene anthu amazipirikitsira ndi moto, phokoso la zitini ndi tsabola. Ikani zomwezo pa tebulo. Njovu m'buku ili ndi HP 76, palibe wa levulo 1 angayerekeze kulimbana nayo, ndipo muwaonetseretu zimenezo: mapazi ake m'matope, mtengo wa mango wothyoledwa pakati, gogo wina akuwauza za mlenje amene anailasa mkondo. Njovuyo ilibe nawo mangawa, ikufuna chimanga basi. Round iliyonse imene akukangana chochita, thumba limodzi lapita. Mudzaona rogue, katswiri wozemba uja, akukwera padenga ndi tsabola, cleric akudzutsa mudzi kuti aimbe ng'oma, wizard akuotcha udzu kumene kukuchokera mphepo kuti utsi upite kwa njovu. Akalephera palibe maliro. Mudzi ugona ndi njala, a mfumu awayang'ana ndi diso lofiira, ndipo inu mwapeza kale nkhani ya sabata yamawa, yokasaka chakudya kutsidya. Wina akaumirira kukaibaya pambuyo pa machenjezo onsewo, musamutchinjirize, dayisi igwe mmene yagwera.

China ndi tulo. Wizard ali ndi ma spell slot (mipata yoponyera matsenga) 2 okha, ndipo mukawalola long rest, kupuma kwa maola 8 kobwezera mphamvu zawo, ikatha ndewu iliyonse, chilichonse chidzawapepukira. Ikani nthawi pakhosi pawo. Akuba atenga ng'ombe za mudzi ndipo awoloka nazo mtsinje kusanache, mvula yagwa kumtunda, madzi akukwera. Apumule ola limodzi kuti mabala apole koma mapazi a ng'ombe afufutike, kapena apitirire fighter ali ndi HP 4? Inu khalani chete, muwasiye atsutsane. Mkangano umenewo ndiwo anzanu adzaukumbukire kuposa chilombo chilichonse.

Pa levulo 1 musachedwepo. Ndi XP 300 yokha kufika pa 2, masewera amodzi kapena awiri akwana. Ena safuna n'kuwerenga komwe, amangolengeza kuti mwakwera nkhani ikafika pokhota, ndipo ine ndili mbali yawo.

Za zidole zoimira anthu musavutike kuitanitsa ku Lusaka. Zivindikiro za mabotolo ndi pepala la magirafu zikwana, bola chulu, tsekera ndi mtsinje muzijambule aliyense aziona, chifukwa chimene osewera sakuchiona papepala sachigwiritsa ntchito.