Akufuna ntchito kumapiri a chipale chofewa, ife tigulitse puloti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Mwana wawo wamwamuna anakhoza MSCE ndi mapointi 24 zaka ziwiri zapitazo, ndipo chikhozereni ali pakhomo. Usana ndi usiku maso ali pafoni, kuonera mahotela a ku Switzerland komwe anthu amakachitira tchuthi nyengo yozizira. Tsopano wapeza munthu pa WhatsApp amene akuti amupezera ntchito yoperekera zakudya kumeneko, bola atumize ndalama za "mapepala". Mnyamatayo akuti puloti ya ku Mpemba igulitsidwe. Bambo ake akuti zamahotela n'zachibwana, abwereze mayeso mpaka atengedwe ku zaudokotala. Mayiwo akufunsa kuti amvere ndani.

Amayi, onse awiri musawamvere. Pulotiyo isakhudzidwe, ndipo nambala ya munthu wa pa WhatsAppyo muifufute lero.

Makalata otere ndawerenga ambiri, chimasintha ndi dzina la dziko basi. Malo amene mwana wanu akuonerawo alipodi, si bodza. Tauni ya Zermatt ku Switzerland ili m'munsi mwa phiri la Matterhorn, lotalika mamita 4,478, pomwe Sapitwa wathu ndi 3,002. St. Moritz inachititsa Olimpiki ya nyengo yozizira kawiri, mu 1928 ndi 1948. Yoyambirira yeniyeni inachitikira ku Chamonix, ku France, mu 1924. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo alendo amakhamukira kumapiri a Alps kukatsetsereka pa chipale chofewa, mahotela n'kudzaza. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chipale chikasungunuka alendo amabwerera kwawo, ndipo antchito ambiri makontrakiti awo amathera pomwepo. Ndi ntchito ya nyengo, ngati ganyu wa kumsika wa fodya ku Limbe.

Ganyu ameneyonso si wa aliyense. Lamulo la ku Switzerland limati mwini hotela ayambe wafufuza wantchito pakati pa nzika za dzikolo ndi za mayiko a ku Ulaya a m'mabungwe a EU ndi EFTA. Ochokera kwina amaloledwa makamaka akakhala akatswiri, ndipo chiwerengero chawo boma limachita kuikiratu chaka ndi chaka. Nanga mwini hotela avutikirenji ndi mwana wa Fomu 4 wa ku Chilomoni, yemwe sanagwirepo thireyi, pomwe wa ku Portugal kapena ku Italy wodziwa kale ntchito angokwera sitima n'kufika? Viza ya mlendo ya Schengen, yolowera ku Switzerland ndi mayiko ena a ku Ulaya, ndi ya masiku 90 ndipo siloleza munthu kugwira ntchito. Komanso ku Zermatt amalankhula Chijeremani, ku Chamonix Chifalansa. Munthu wolonjeza kudumphitsa zonsezi ndi ndalama yotumiza pafoni ndi wakuba. Tinamva zomwe anakumana nazo atsikana athu ena amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman.

Sukulu zamahotela za ku Switzerland n'zotchukadi: EHL ya ku Lausanne, yomwe inayamba mu 1893, Glion ndi Les Roches. Fizi yake ndi ma franc masauzande makumi angapo pa chaka. Puloti ya ku Mpemba singafike nayo patali.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ili mu Blantyre momwe muno, ya minibasi imodzi kuchokera kwanu. Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa zophika, kuperekera zakudya ndi zakumwa, kulandira alendo, kusamalira zipinda ndi zokopa alendo. Chomwe ndimaikondera n'chakuti ili ndi hotela yakeyake, Alendo Hotel, choncho mwana saphunzira za supu pabolodi ayi, amaphika supuyo, mlendo weniweni n'kuidya, mwinanso kuidandaula. Akatero amapita ku atachimenti. Mumzinda muno muli Sunbird Mount Soche, Amaryllis, ndi Ryalls yomwe ili pansi pa dzina la Protea Hotel by Marriott. Ku Zomba kuli Ku Chawe, kunyanja kuli malo ogona alendo ambirimbiri. Akafuna digiri, Mzuzu University ili ndi maphunziro a zokopa alendo ndi zamahotela.

M'ntchito imeneyi satifiketi imangotsegula chitseko. Chomwe bwana wa hotela ya kunja amawerenga mwachidwi ndi zaka zimene munthu wagwira komanso kalata ya shefu kapena manijala amene anamuyang'anira. Zaka zitatu kapena zinayi kukhitchini yabwino, Chifalansa chophunzira madzulo, pamenepo munthu angayambe kufunsira ntchito ku Dubai, ku Doha kapena pa sitima zapamadzi zonyamula alendo, komwe amalemba anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Ngati Alps idzatheke, idzatheka podzera kumeneko, iye ali shefu wodziwa ntchito. Sindikulonjeza. Ambiri safika, ndipo ena amapeza kuti kuyendetsa loji ku Mangochi kukuwakwanira.

Bambo a mwanayo muwauze kuti ndawalemekeza, koma akutaya nthawi ya mwana. Mapointi 24 ali kutali kwambiri ndi zaudokotala ku KUHeS, ndipo kubwereza mayeso pamaphunziro amene mtima wake suliko n'kungodyetsa aphunzitsi a patitayimu. Khalidwe loona wophika ngati "kuku wa azungu" linatha ntchito. Zimanditopetsa kuti makolo omwewo amene amanyoza zamahotela ndi amene amakalipira ndalama zambiri kuholo ndi kwa ophika tsiku la ukwati wa mwana wawo.

Tsopano iwe mnyamata, poti ndikudziwa kuti amayi akupatsa foni kuti uwerenge. Zaka ziwiri wachita chiyani? Mawu angati a Chijeremani waphunzira pa bandulo yonse imene watha? Mavidiyo aja amajambula mlendo akumwa khofi pakhonde, sajambula amene wadzuka mbandakucha kunja madzi ataundana, n'kuima tsiku lonse mpaka miyendo kutupa. Iwe amene chiperoni cha mu Juni chimakufunditsa mabulangete awiri! Pita ku lesitilanti iliyonse ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, upemphe ganyu wotsuka mbale ndi kusenda mbatatesi kwa miyezi itatu. Ukapirira n'kumaikondabe ntchitoyo, amayi akulipirire fomu ya ku Malawi Institute of Tourism, ndipo ndidzavomereza kuti maso ako anaona chinthu chenicheni.

Ngati vuto ndi kungofuna kugwira chipale chofewa ndi manja, sizifuna Switzerland. Ku Lesotho, m'mapiri a Maluti, kuli Afriski, pamtunda wopitirira mamita 3,000, komwe amatsetsereka kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Udzapiteko ndi ndalama ya malipiro ako, puloti ya amayi ikadali ku Mpemba.